Momwe mungakonzekerere tsiku la Durban July ngati mumakhala pafupi ndi Greyville

Amalawi amene amachita lendi ku Berea, Musgrave kapena Morningside mumzinda wa Durban ku South Africa amadziwa kuti Loweruka loyamba la Julayi sakhala pamtendere. Ndi tsiku la Durban July, mpikisano wa mahatchi umene unayamba mu 1897 ndipo umachitikira pabwalo la Greyville. Mahatchiwo amathamanga mamita 2,200 basi, mphindi ziwiri ndi pang'ono nkhani yatha. Chimene chimasowetsa mtendere ndi khwimbi la anthu, galimoto zawo ndi mowa, kuyambira m'mawa mpaka mbandakucha wa Lamulungu. Zonsezi zimapiririka ngati mwakonzekera sabata isanathe.

Yambani ndi zapakhomo. Ufa, ndiwo, mayunitsi a magetsi ndi mankhwala a mwana, gulani pofika Lachinayi. Zogula kumsika wa Warwick Junction musazisiyire Loweruka.

Kenako fufuzani za misewu. Khonsolo ya mzindawu, yotchedwa eThekwini, imalengeza pasadakhale misewu imene apolisi ake, otchedwa a Metro, adzatseke kapena kupatutsa galimoto, ndipo yozungulira bwalolo monga Avondale Road imadzadza msanga. Ngati muli pantchito tsikulo, auzeni abwana kuti mwina mudzachedwa, kapena nyamukani kusanache bwino. Madzulo mitengo ya Uber ndi Bolt imakwera chifukwa aliyense akufuna galimoto nthawi imodzi, choncho kwapafupi ndi bwino kungoyenda wapansi kukadali kowala.

Nkhani imene imayambanitsa anthu kwambiri ndi ya pageti. Munthu wavala suti yake yodula, wachedwa, waona mpata pakhomo panu, waimika galimoto n'kumapita, ndipo sabwera mpaka usiku. Kambiranani ndi alandilodi komanso anzanu apampanda sabata yomweyo. Amene akudzatuluka ndi galimoto aiimike poti idzatuluke mosavuta, ndipo pageti mumatepo pepala lalikulu lolembedwa m'Chingerezi kuti pano pasatsekedwe. Wina akatsekabe, jambulani galimotoyo nambala yake ikuoneka bwino, n'kuimbira apolisi a Metro. Musaphwetse matayala kapena kukanda galimotoyo, mtima uwawe chotani, chifukwa mlandu ugwera inu. Kuika miyala kapena zidebe mumsewu kuti musunge malo nakonso n'kuputa mkangano, paja msewu ndi wa khonsolo. Ndipo mwini galimoto akabwera ataledzera, m'lekeni apite. Woledzera sakambirana naye mlandu, makamaka inu muli kwa eni.

Apolisi amachuluka tsikuli, ndiye potuluka tengani pasipoti kapena chiphaso chanu chokhalira m'dzikomo. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo, poti pamene pali chikhamu opisa m'matumba salephera. Pakachitika zoopsa, nambala ya apolisi ndi 10111.

Usiku ndiye phokoso limafika pachimake, pamene anthu achoka kubwalo n'kukhamukira kumalo omwera mowa a ku Florida Road ndi m'nyumba zomwe achita lendi masiku awiri okha. Mwayi wake Julayi ndi nyengo yozizira, kutseka mawindo sikuvuta. Ana ndi odwala agone chipinda chakutali ndi msewu, ndipo amene akudzuka m'mamawa agule totseka m'makutu kufamase, ntotsika mtengo. Muli ndi khanda koma achibale ali ku Pinetown kapena Chatsworth? Kagoneni kumeneko.

Ena amaona mwayi wa ndalama, ndipo sitingawaletse. Kungoti musanalipiritse anthu kuti aimike galimoto mumpanda, pemphani alandilodi, kuopa kuthamangitsidwa mwezi ukatha. Kugulitsa chakudya m'mbali mwa msewu kumafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo wopanda chilolezo akamupeza amamulanda katundu, miphika ndi nkhuku zokazinga zomwe.