Mng'alu pachitsulo: uyezeni kaye musanafunse kompyuta

Aliyense amene anaonapo telala akung'amba nsalu amadziwa kale mfundo yaikulu pa kusweka kwa zipangizo. Nsalu yathunthu mungaikoke mpaka thukuta kamukamu osang'ambika, koma akangoidula pang'ono m'mphepete ndi sizasi, imang'ambika ngati pepala. Chitsulo, galasi ndi konkire zimachitanso chimodzimodzi, chifukwa mphamvu yokoka, imene imayenera kugawikana pachinthu chonse, imakaunjikana pansonga pa mng'alu.

A. A. Griffith, amene ankafufuza pagalasi, anasonyeza mu 1921 kuti chimene chimafooketsa chinthu ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo mu 1957 George Irwin anabweretsa nambala yotchedwa K, yoyezera kukula kwa mphamvu pansonga pa mng'alu. Chofunika kuti inu amisiri ndi mainjiniya muchigwire ndi ichi: mng'alu ukatalika kanayi, katundu ali yemweyo, K amawirikiza kawiri, ndipo akafika pamlingo umene chitsulocho chingapirire, chimathyoka kamodzin'kamodzi popanda kuchenjeza.

Choncho mukaona mng'alu pamtanda wachitsulo kapena pamalo owotcherera, pukutani malowo, funani pamene nsonga yake yathera, mulembepo kamzere ndi tsiku, kenako mudzayezenso. Mng'alu woyenda ndiye woopsa, makamaka pachipangizo chimene chimagwedezeka kapena kulemedwa ndi kupepukidwa kambirimbiri, pakuti chitsulo chimatopa. Ndege za Comet zimene zinaphulikira m'mwamba mu 1954 zinagwa ndi kutopa kotereku, ndipo zinadziwika pamene akatswiri ku Farnborough, ku England, anamiza thupi la Comet ina m'thanki ya madzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa mpaka linang'aluka pafupi ndi ngodya ya zenera lothawira pangozi. Ambiri amathamangira kuwotcherera pamwamba pa mng'alu, zimene kwa ine ndi kungobisa vuto. Uperani mpaka pamene wathera musanawotcherere. Kuboola kabowo kozungulira pansonga kumauchedwetsa pochotsa kuthwa kwake, koma ndi thandizo la kanthawi chabe.

Tsopano za kompyuta. Njira yofala, yotchedwa finite element method, imagawa chithunzi cha chipangizo m'tizigawo tambirimbiri tolumikizana ngati ukonde, n'kuwerengera mmene kachigawo kalikonse kakukokedwera. Apa ndi pamene achinyamata ambiri amapusitsidwa ndi mitundu yokongola ya pasikirini. Pansonga yakuthwa ya mng'alu, masamu ongoganizira kuti chitsulo chimatanuka n'kubwerera amapereka mphamvu yopanda malire, kotero kuti mukamachepetsa tizigawo, kadontho kofiira kosonyeza pamene mphamvu yachuluka kamangofiirirabe ndipo nambala yake imangokwera osakhazikika. Musaweruze ndi nambala imeneyo. Uzani pulogalamu iwerengere K, muchepetse tizigawo kawiri kapena katatu kuti muone ngati K wakhazikika, ndiyeno mumuyerekeze ndi kupirira kwa chitsulocho komwe kunayezedwa mu labotale. Onaninso kuti kunayezedwa pa kutentha kotani, chifukwa zitsulo zina zimathyoka mosavuta kukazizira, monga zinachitikira sitima zapamadzi za ku America zotchedwa Liberty, zimene zinkang'aluka m'madzi ozizira pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Kale mng'alu ukasuntha pankafunika kuluka ukonde watsopano, koma njira ya XFEM, imene Ted Belytschko ndi anzake anaiyambitsa mu 1999, imalola mng'alu kudutsa pakati pa tizigawo. Ngakhale zili choncho, musanakhulupirire pulogalamu iliyonse, iyeseni ndi funso limene yankho lake mukulidziwa kale. Jambulani chitsulo chophwatalala chachikulu chokhala ndi kabowo kozungulira pakati, muchikoke mbali imodzi yokha, ndipo mphamvu ya m'mphepete mwa bowolo iyenera kutuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi ya kutali. Ikatuluka kawiri kapena kasanu, bwererani mukaone ukonde wanu ndi mmene mwamangira m'mbali mwa chitsulocho.