Kajambulidwe ka tyrannosaur kuyambira pongoswa mpaka atakula

Ojambula ndi oumba ambiri amangotenga dinosaur wodya nyama wotchedwa Tyrannosaurus rex (T. rex) wamkulu n'kumuchepetsa, n'kumati ameneyo ndi mwana. Mafupa amakana zimenezo. Zilombozi zinkasinthiratu maonekedwe pokula, ndipo chithunzi chanu chiyenera kuonetsa kusinthako.

Yambirani mwendo wakumbuyo, chifukwa mukaulakwitsa thupi lonse limasokonekera. Wamng'ono mupatseni fupa la msongolo lalitali kuposa la ntchafu, mafupa a phazi akhale aatali ndi oonda. Anali waliwiro ameneyu. Kwa wamkulu zimatembenuka. Sue, T. rex wamkulu amene mafupa ake ali ku Field Museum ku Chicago, ndi wotalika mamita opitirira 12, ndipo fupa lake la ntchafu, la mamita pafupifupi 1.3, ndi lalitali kuposa la msongolo. Thupi la matani ambiri limafuna miyendo yokhuthala yosenza katundu.

Kamwana kongoswa kumene musakakulitse. Kansagwada ka mwana wa tyrannosaur (gulu la T. rex ndi abale ake) wosaswa kamene kanapezeka ku Montana ku America ndi ka masentimita pafupifupi 3, ndipo akatswiri amati kamwanako sikankapitirira mita imodzi kwenikweni, kuwerengera ndi mchira womwe.

Pamutu ndi pamene pali ntchito. Tarbosaurus (m'bale wa T. rex) wa zaka 2 kapena 3 wa ku Mongolia ali ndi chigaza cha masentimita 29, chopepuka, cha mphuno yaitali yosazama. Bowo la diso ndi lalikulu ndi lozungulira, mano ndi opyapyala, akuthwa m'mbali, oyenera kucheka nyama. Pojambula wamkulu, zamitsani mphuno ndi nsagwada, tambasulani chigaza chakumbuyo kuti minofu yolumira ipeze malo, ndipo bowo la diso lipanikizike ngati polowetsa kiyi pa loko. Chigaza cha T. rex chinkafika mamita 1.5, mano ake okhuthala moti ankaswa mafupa. Timabampu ta pamwamba pa maso tisaoneke kwambiri pa mwana, timakula mochedwa.

Msinkhu wapakati ndi umene umavuta: miyendo idakali yaitali, chifuwa n'chosazama, khosi n'loonda. Chitsanzo chabwino ndi Gorgosaurus (m'bale winanso wa T. rex) wa ku Alberta ku Canada wa zaka 5 mpaka 7, amene m'mimba mwake munapezeka miyendo ya tinyama tiwiri totchedwa Citipes. Ankasaka tinyama taliwiro, choncho musamupatse chimimba ndi khosi la kholo lake.

Samalaninso ndi mafupa otchedwa Jane. Kwa zaka zambiri ankatengedwa ngati T. rex wachinyamata, koma kafukufuku wa 2025 anati ndi mtundu wina, Nanotyrannus. Pamkanganowu ndi bwino kudalira Tarbosaurus, Gorgosaurus ndi Albertosaurus, omwe ana awo ndi odziwika bwino.

Manja akhale a zala ziwiri pa msinkhu uliwonse, zikhatho zoyang'anizana, osati zoyang'ana pansi. Mchira usakhudze nthaka. Ngati mukuumba ndi dothi, ikani waya kuchokera kumutu mpaka kumchira, chifukwa miyendo yoonda ya mwana imathyoka dothi likamauma.