Momwe mungayambire kubira pansi pa madzi, kuchokera pa nyanja yathu mpaka ku Red Sea

Alendo ochokera ku Ulaya amalipira ndege yodula kudzaphunzira scuba diving ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, pomwe ife eni nyanja ambiri timangoidziwira pa usipa ndi chambo cha m'mbale. Masewerawa ndi olowa pansi pa madzi mutabereka silinda kumsana, n'kumapuma kudzera pa chipangizo chotchedwa regulator chomwe mumaluma pakamwa. Chipangizochi anachikonza ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ku France mu 1943. Ambiri amaganiza kuti m'silindamo muli oxygen wa kuchipatala. Ayi, ndi mpweya wamba womwe tikupumawu, wosefedwa bwino n'kupoperedwa mothinana mpaka geji itawerenga 200 bar.

Malo otchuka obirira alipo ambiri padziko, koma simungangodzuka n'kupitako. Malo alionse ali ndi kuya kwake ndi mafunde ake, ndipo eni mabwato amafunsa kaye khadi yosonyeza zomwe munaphunzira. Ndondomeko yake nayi.

Yambani ndi thupi lanu

Simufunika kukhala katswiri wa mpikisano wosambira. Mayeso a bungwe la PADI, lomwe sukulu zambiri zimatsatira, amafuna kuti musambire mamita 200 osapumira panjira, pa liwiro lililonse, komanso muyandame mphindi 10 osagwira kanthu. Ana amaloledwa kuyambira zaka 10. Ngati simudziwa kusambira, yambirani pamenepo.

Mudzapatsidwanso fomu ya zaumoyo. Musaname poyankha. Mphumu, khunyu, matenda a mtima, shuga ndi mavuto a makutu zimafuna kuti dokotala akuoneni kaye. Mayi woyembekezera sabira konse. Ngakhale chimfine chabe ndi chifukwa chokwanira chosinthira tsiku, pakuti mphuno zikatsekeka makutu sangapirire pansi.

Pezani mphunzitsi wovomerezeka

Kosi yoyamba imatchedwa Open Water Diver. Imatenga masiku atatu kapena anayi: kuwerenga ndi kulemba mayeso, kuyeserera pa madzi osaya, kenaka kubira kanayi pa nyanja yeniyeni. Mukakhoza mumalandira khadi yokulolani kufika mamita 18, ndipo khadiyo imagwira ntchito kulikonse, kaya ku Mozambique kaya ku Australia. Bungwe lina lodziwika ndi SSI, makhadi ake amalandiridwanso chimodzimodzi.

Musanalipire, pemphani kuona khadi ya mphunzitsiyo, funsani kuti gulu lanu mukhala angati, ndipo yang'anani zida. Mapaipi a regulator ong'aluka, silinda yadzimbiri, bwato lopanda botolo la oxygen wothandizira pangozi, zonsezi zikutanthauza kuti mupite kwina. Mitengo nthawi zambiri amaitchula m'madola, choncho funsani ngati pali mtengo wa nzika. Osathamangira kugula zida, za kusukulu zimakwanira. Ngati mukufuna kugula chimodzi, gulani mask, galasi lovala kumaso loonera pansi pa madzi, yokukwanani: ikani pankhope osamanga lamba, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, ikakakamira osagwa ndiye yanu.

Zinthu zinayi zomwe zimasunga moyo

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa zina zonse n'zongowonjezera. Mamita 10 alionse omwe mwatsika, madzi amakupanikizani ndi mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse wa mumlengalenga. Ndiye kuti pa mamita 10 kupanikizika kwawirikiza kawiri, pa mamita 30 kanayi.

Oyamba kudandaula ndi makutu. Mukangotsika mita imodzi kapena awiri mumamva kuthina mkati mwake. Tsinani mphuno, tsekani pakamwa, kankhirani mpweya m'mphunomo mofatsa mpaka mumve makutu atseguka. Chitani izi msanga, mobwerezabwereza, ululu usanayambe. Zikakanika kwerani pang'ono muyesenso. Wokakamira amaboola khutu.

Chachiwiri, musagwire mpweya m'chifuwa. Mwana wa kunyanja amene anakula akubira popanda zida anazolowera kukoka mpweya n'kuusunga, ndipo chizolowezi chimenechi n'choopsa mukabereka silinda. Mpweya womwe mwakoka pa mamita 10 umafufuma kawiri pofika pamwamba, ndipo ukasowa potulukira umang'amba mapapo. Pumani mosalekeza, pang'onopang'ono.

Chachitatu ndi kakweredwe. Mukakhala pansi, nayitrojeni wa mumpweya amalowerera m'magazi ndi m'minofu. Zili ngati botolo la zoziziritsa kukhosi: mukalitsegula pang'onopang'ono gasi amatuluka mwakachetechete, mukalitsegula mwadzidzidzi thovu limasefukira. Thovu lotere likapangika m'thupi limabweretsa kuphwanya kwa mfundo, dzanzi, chizungulire, mwinanso kufa ziwalo. N'chifukwa chake simukwera mopitirira mamita 18 pa mphindi, ndipo makompyuta ambiri ovala pamkono, omwe amayeza kuya ndi nthawi yomwe mwakhala pansi, amalira ngakhale mukapitirira theka la liwiro limeneli. Pa mamita 5 mumaima mphindi zitatu musanatulukire.

Chachinayi, yang'anani geji pafupipafupi ndipo musasiyane ndi mnzanu. Pa mamita 30 mpweya umatha msanga kanayi kuposa pamwamba. Lamulo la mabwato ambiri ndi lakuti mufike pamwamba geji isanatsike pansi pa 50 bar. Pansi pa madzi palibe kuyankhula, mumagwiritsa ntchito manja, ndipo pali chizindikiro chimodzi chomwe chimasokoneza ophunzira pafupifupi onse. Kukweza chala chachikulu sikutanthauza kuti zili bwino, kumatanthauza kuti tiyeni tikwere. Zikakhala bwino mumakumanitsa chala chachikulu ndi cholozera n'kupanga kamkombero.

Birani kwathu kuno kaye

Nyanja ya Malawi ndi sukulu yabwino kuposa malo ambiri otchuka, ndipo sindikunena izi pokometsa zakwathu. Madzi ake alibe mchere woluma m'maso, ndi ofunda chaka chonse, ndipo pamalo obirira palibe mkokomo wamphamvu wokukokerani kutali. Dera la Cape Maclear lili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake. M'nyanjayi muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la chambo, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse.

Pa miyala ya ku Otter Point kapena pa chilumba cha Thumbi, mbuna zobiriwira ngati thambo, zachikasu ndi zamizeremizere zimakuzungulirani zikudya ndere pamwala. Mukakhala phee pamchenga mutha kuona nsomba yaikazi ikulavula tiana take kuchokera m'kamwa, ndipo mukangosuntha dzanja tonse timathamangira kubwerera m'kamwamo. Pansi pa miyala ikuluikulu kampango amalondera chisa chake. Ku Nkhata Bay amabiranso usiku, pomwe nsomba zazitali zomwe alendo amazitcha dolphin fish zimatsatira kuwala kwa tochi yanu posaka tinsomba togona.

Nyengo yabwino ndi mwera ukatha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula isanayambe. M'dzinja mitsinje imathira matope ndipo simuona patali. Ng'ona ndi mvuu zimakonda kumabango ndi kumathiriro a mitsinje, choncho birani pomwe mphunzitsi wa m'deralo wakuuzani basi.

Samalani ndi ulendo wobwerera kunyumba

Ili ndi phunziro lomwe ife a ku Malawi tiyenera kulimvetsa kuposa ena. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo malamulo amati malo alionse opitirira mamita 300 amafuna kuwerengera kwapadera kwa kuya ndi nthawi yokhala pansi pa madzi. Onetsetsani kuti kompyuta yanu yatcheredwa moyenera.

Vuto lalikulu ndi msewu. Munthu akatuluka m'madzi amakhala adakali ndi nayitrojeni m'thupi, ndipo kukwera phiri kumachepetsa kupanikizika mofanana ndi kukwera ndege. Kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu ndi ulendo waufupi, koma Mzuzu ili pa mamita opitirira 1,200. Wochoka ku Cape Maclear kudzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwerere amafika kumtunda kwa Dedza, komwe n'kokwera kuposa pamenepo. Amene amabira Lamulungu m'mawa kenaka n'kuliza galimoto masana kuti Lolemba akapezeke ku ofesi ku Lilongwe akuika moyo pachiswe. Malangizo a bungwe la Divers Alert Network okhudza ndege ndi akuti mudikire maola osachepera 12 mukabira kamodzi, ndi maola 18 mukabira kangapo kapena masiku otsatizana. Pa misewu ya mapiriyi tsatirani zomwezo. Birani Loweruka, Lamulungu mugone pamchenga.

Tsopano sankhani kopita kunja

Mukabira kokwanira pa nyanja yathu, chitani kosi yachiwiri ya Advanced Open Water, yokulolani kufika mamita 30. Malo ambiri abwino a kunja ali pakati pa mamita 18 ndi 30, ndiye kupita ndi khadi yoyamba yokha n'kuwononga ndalama za ulendo.

Yambani ndi apafupi. Ku Tofo, pafupi ndi Inhambane ku Mozambique, anthu amapitira whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse padziko koma yodya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, ndiponso manta ray, yomwe imauluka m'madzi ndi mapiko otambalala mamita angapo. Dziwani kuti kumeneko bwato limanyamukira pagombe n'kudula mafunde akuluakulu, wa m'mimba mosachedwa kutembenuka amwe mankhwala oletsa kusanza. Ku Tanzania kuli Mnemba, kumpoto chakum'mawa kwa Zanzibar, komwe madzi ndi odekha koyenera woyamba kumene kulawa mchere, ndi chilumba cha Mafia chomwe sichidzaza anthu.

Kwa abale athu okhala ku South Africa, Sodwana Bay ku KwaZulu-Natal ili ndi matanthwe osavuta a korali (miyala yomangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja yamchere), ndipo ndi komwe mu 2000 obira anapeza nsomba yakalekale ya coelacanth pa kuya kopitirira mamita 100, kuya komwe inu ndi ine sitidzafikako. Aliwal Shoal, kufupi ndi Umkomaas kumwera kwa Durban, ndi ya ofuna kuona shaki maso ndi maso, makamaka m'miyezi yozizira. Mkokomo wa madzi kumeneko si wamasewera, pitaniko mutazolowera.

Ngati thumba likulola ulendo umodzi wokha wa ndege, ine ndingasankhe Red Sea ku Egypt. Madzi ake ndi oyera moti mumaona patali kwambiri, ndipo ku Ras Mohammed pafupi ndi Sharm el-Sheikh khoma la korali limatsetsereka mpaka kumdima. Chapafupi pali sitima ya ku Britain ya SS Thistlegorm, yomwe ndege za Germany zinaimiza mu 1941 itanyamula katundu wa nkhondo. Yagona pa mamita pafupifupi 30, ndipo m'zipinda zake muli malole ndi njinga zamoto zondandalikana monga momwe anazipakirira, matayala ali pomwepo. Ku Dahab kuli dzenje lotchuka la Blue Hole. M'mphepete mwake n'mokongola ndipo n'mosavuta, koma khomo la pansi lomwe lili pa mamita opitirira 50 lapha anthu ambiri omwe anadutsa malire a maphunziro awo. Malire a masewera wamba ndi mamita 40. Wina akakunyengererani kupitirira apo, kanani.

Akutali nawo alipo. Great Barrier Reef ku Australia ndi yotalika makilomita pafupifupi 2,300, ndipo ambiri amanyamukira ku Cairns, ngakhale kutentha kwa madzi kunayeretsa korali wambiri mu 2016 ndi 2017 komanso zaka zina zotsatira. Raja Ampat ku Indonesia ndi malo omwe akatswiri amawatama pa kuchuluka kwa mitundu ya korali ndi nsomba, koma ulendo wake ndi wautali komanso wodula. Awa ndi a m'tsogolo.

Zokonzekera musananyamuke

Madzi amchere amayandamitsa munthu kuposa a nyanja yathu, choncho pa lamba wa zitsulo wokuthandizani kumira mudzafunika kuwonjezera zitsulo zolemera makilogalamu awiri kapena atatu. Uzani wotsogolera kuti munaphunzirira m'madzi opanda mchere, akuyeseni pamalo osaya tsiku loyamba. Musakhudze chilichonse: korali wina amaotcha khungu, ndipo amene mwamuthyola ndi phazi amatenga zaka kuti amerenso.

Gulani inshuwalansi yotchula scuba diving mwachindunji, chifukwa ya ulendo wamba nthawi zambiri siilipira ngozi za pansi pa madzi. Mankhwala a matenda a thovu aja ndi kuikidwa m'chipinda chapadera chopanikiza mpweya, ndipo zipindazi sizipezeka paliponse. Funsani eni bwato kuti chapafupi chili kuti ndipo wodwala amamufikitsako bwanji. Tsiku lomaliza la ulendo likhale lopanda kubira chifukwa cha ndege ija.

Tengani khadi yanu ndi kabuku kolembamo ulendo uliwonse wa pansi pa madzi: tsiku, malo, kuya, mphindi, ndi siginecha ya wotsogolera. Malo ovuta amafunsa kabukuka asanakukwezeni bwato. Ndipo ngati mwakhala mukubira pa nyanja yathu, kumbukirani likodzo. Pakapita milungu 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza m'madzi, pitani kuchipatala mukayezetse, ndipo akakupatsani praziquantel imwani mutadya.