Ukafuna kumudziwa jaji, werenga zigamulo zake motere

Anthu ambiri timamudziwa jaji pa mutu wa nkhani wa pa wailesi basi, kenako n'kuyamba kukangana mu minibasi ngati tinali m'khothi momwemo. Komatu maganizo a jaji ali m'chigamulo chomwe analemba yekha, ndipo zambiri zili pa intaneti ulele pa MalawiLII, bando yochepa ikukwana.

Yamba ndi kulemba dzina lake pofufuzira paja. Tiyeni titenge Justice Zione Ntaba, amene anamva nkhani ya ana achirasta ku High Court ya ku Zomba. Ukatsegula chigamulo yang'ana pamwamba penipeni, pali nambala ya mlandu, chaka, mayina a mbali zonse, ndiye pali kamawu kakuti Coram, apo ndi pomwe amalemba amene anakhala pa mpando. Usapadumphe, chifukwa nkhani zina za malamulo aakulu a dziko samva jaji mmodzi, amakhala atatu kapena kuposa, ngati mlandu wa chisankho uja womwe anagamula pa 3 February 2020 anali asanu, a Potani, a Kamanga, a Madise, a Tembo ndi a Kapindu.

Kenako ine ndimathamangira kumapeto kaye. Eya, kumapeto. Kumeneko ndi komwe kuli zomwe khothi lalamula, ndiye ukabwerera kumayambiriro umadziwa kale komwe ulendo ukupita. Pa nkhani ya achirasta ija, mu May 2023, a Ntaba anagamula kuti kukaniza mwana sukulu ya boma chifukwa cha madiredi n'kuphwanya ufulu wake wa maphunziro ndi wa chipembedzo, nalamula unduna wa zamaphunziro kuti udziwitse masukulu.

Pakati paja ndi pomwe ambiri amasochera, ndipo apa khala pansi bwinobwino. Masamba ambirimbiri jaji amangobwereza zomwe maloya a mbali iyi ndi iyo anena, ndiye munthu amajambula kandime kamodzi n'kuponya pa WhatsApp kuti onani zomwe wanena jaji, chonsecho ndi mawu a loya amene waluza mlanduwo! Funa pomwe jaji wayamba kudziyankhulira yekha, pomwe akutchula ndime ya lamulo n'kunena chifukwa chomwe wapendekera uku. Chifukwa chimenecho maloya amati ratio, ndiye fupa lake, makhothi ang'onoang'ono amayenera kulitsata. Zina zomwe jaji amangonena modutsa, obiter, n'zokoma kuwerenga koma sizimanga munthu.

Chigamulo chimodzi sichikwana. Tsegula china cha jaji yemweyo, mwachitsanzo cha mu January 2017, mlandu wa Gwanda, wogulitsa majumbo uja amene apolisi anamugwira vakabu m'bandakucha akupita kukagulitsa. A Ntaba anali mmodzi mwa majaji atatu omwe anati ndime 184(1)(c) ya Penal Code, yokhudza vakabu ija, ikutsutsana ndi malamulo aakulu. Ukaziika pamodzi ziwirizi umayamba kuona kuti mayiwa amayang'anitsitsa pomwe lamulo likupondereza munthu wamba, ndiwo maganizo anga amenewo, wekha ukawerenga ukhoza kuona zina.

Chomaliza, fufuza ngati nkhaniyo inapita pa apilo ku Supreme Court, komanso ngati majaji onse anagwirizana. Mukukumbuka za mlandu wa Khoviwa mu April 2021? Dziko lonse linamva kuti chilango cha imfa chatha, mabungwe akunja mpaka kuombera m'manja, kenako mu August chaka chomwecho majaji ena a Supreme Court omwe anamva nawo mlanduwo anatulutsa mawu awo kuti ayi, amenewo anali maganizo a Justice Mwaungulu, khothi silinathetse chilangocho. Ndiye usanatumize ku gulu la pabanja, werenga kaye tsiku lomwe lili pa chigamulocho ndi mayina omwe asaina pansi.