Kawerengedwe ka Mabuku a Sayansi ndi Kasungidwe ka Zimene Mwapezamo

Ambirife timamaliza buku lofotokoza za sayansi kapena za mmene anthu amasanjira chidziwitso tili okhutira, koma pakangotha miyezi iwiri timakumbukira chikuto chake chokha. Sikuti nzeru zatichepera ayi, koma tinawerenga tilibe posungira zomwe tinapezazo.

Musanayambe mutu woyamba, onani kaye zamkatimu ndi mlozera wakumapeto, komanso chaka chimene bukulo linasindikizidwa, popeza kafukufuku watsopano amatha kugwetsa zomwe zinkakhulupiriridwa kale. Mu laibulale yotsatira dongosolo losanja mabuku ndi manambala limene Melvil Dewey, katswiri wa za malaibulale wa ku America, anakhazikitsa mu 1876, mabuku a sayansi amakhala pa 500, pomwe onena za malaibulale ndi kasanjidwe ka chidziwitso amakhala pa 020.

Ntchito yeniyeni ili pa timapepala. Dulani timapepala tofanana kukula, ndipo pa kapepala kalikonse lembani ganizo limodzi lokha, m'mawu anuanu, kenako dzina la buku ndi nambala ya tsamba pansi pake. Pa mfundo ya mawu anuanuyi ndimalimbikirapo kwambiri, chifukwa munthu akamangokopera chiganizo cha mlembi sazindikira kuti sanachimvetse, koma akayesa kuchifotokoza yekha, pomwe pali posamveka pamaonekera nthawi yomweyo. Niklas Luhmann, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Germany, anasiya timapepala totere pafupifupi 90,000, ndipo mphamvu yake sinali pa kuchulukako koma pa nambala zomwe ankapatsa kapepala kalikonse kuti kazilozera ku tinzake. Inunso mukalemba kapepala katsopano, kapatseni nambala yake, kenako funafunani kakale komwe kakugwirizana nako kapena kutsutsana nako, n'kulemba nambala ya kena pa kanzake. Izi zimatheka pa kompyuta ndithu, ngakhale kuti kulemba pamanja kumathandiza munthu kufupikitsa mawu.

Pomwe mukulemba, siyanitsani zimene mlembi akunena ndi umboni womwe wapereka, ndipo pomwe wangonena popanda kusonyeza kuti zinayesedwa motani, ikanipo chizindikiro cha funso.

Mukatseka buku, dikirani sabata imodzi, kenako yalani timapepala tonse patebulo, chotsani tobwerezabwereza, ndipo mafunso omwe atsala osayankhidwa muwalembe pa kapepala kapadera komwe mudzakatenge popita kukasankha buku lotsatira.