Kukwera Pen y Fan sinowo ikangoyamba kugwa

Ndinakulira ku Mulanje, m'munsi mwa Sapitwa wa mamita 3002, ndiye anzanga a ku Cardiff atandiuza kuti Pen y Fan, phiri la ku Wales, ndi la mamita 886 okha, ndinalitenga ngati kachitunda. Ndinapita mu December nditavala jinzi. Ndinabwerera panjira zala zitauma gwaa, ndikulephera ngakhale kukoka zipi ya jekete. Panopa ndimakwerako chaka chilichonse nyengo yozizira ikamayamba, koma ndimakonzekera.

Usiku woti mawa mukukwera, onani za nyengo ya m'mapiri pa Met Office, bungwe loona za nyengo ku UK, osati ya m'tauni. Choopsa kwambiri ndi mphepo ya pamwamba. Akanena za chimphepo kapena chifunga, khalani kunyumba, phiri silithawa.

Lawirirani. Mu December ku Wales dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko. Ine ndimaimika galimoto ku Pont ar Daf, m'mbali mwa msewu wa A470, 9 koloko isanakwane. Kupita ndi kubwera ndi makilomita opitirira pang'ono 6, koma pa sinowo mapazi amalemera. Muuzeni wina nthawi imene mubwerere.

Pa zovala m'pamene ambirife timalakwitsa. Chijekete chimodzi chachikulu sichithandiza. Valani zopyapyala zitatu zosanjikiza: chamkati chosasunga thukuta, juzi, ndi jekete yotchinga mphepo ndi mvula. Za thonje zisiyeni, chifukwa zikanyowa ndi thukuta zimakuziziritsani mukangoima. Ponyamuka muzimva kachisanu pang'ono, thupi lidzatentha lokha pachikweza. Magolovesi tengani mapeyala awiri, ena akhale ouma m'chikwama. Njirayi ndi yoyalidwa miyala, ndipo sinowo ikapondedwapondedwa imasanduka ayezi, choncho kunsi kwa jombo ndimamangako tizitsulo tamano tija togwira pa ayezi. Anthu ambiri amene ndawaona akugwa amakhala akutsika.

M'chikwama mukhale fulasiki ya tiyi wa shuga, mtedza, ndi tochi ya pamutu. Foni ikhale m'thumba lamkati, pafupi ndi chifuwa, poti chisanu chimadya batire.

Mukafika pa Bwlch Duwynt, pampata wa pakati pa zitunda, imani kaye. Apa m'pamene mphepo imakumenyani koyamba, maso mpaka kutuluka misozi. Valani jekete musanazizidwe. Kenako yang'anani kutsogolo: ngati nsonga ya Corn Du, yoyandikana ndi Pen y Fan, yabisika m'chifunga, bwererani. Chifunga cha kuno chimafanana ndi chiperoni cha kwathu, kungoti pansi pakayera, m'mwambanso mutayera, simudziwa pamene nthaka yathera. Kukakhala kowala, tsatani njira yodutsa m'munsi mwa Corn Du mpaka pamulu wa miyala wa pansonga ya Pen y Fan.

Pamwambapo m'posalala, koma mbali ya kumpoto ndi chiphedi. Mphepo imaunjika sinowo m'mphepete mwake, n'kumaoneka ngati nthaka pomwe pansi palibe kanthu. Jambulani muli patali. Wina akavulala, imbani 999, pemphani apolisi, muwauze kuti mukufuna opulumutsa anthu m'mapiri.

Ine ndimakhalapo mphindi 10 zokha, nditafulatira mphepo, kapu ya tiyi ikufuka nthunzi m'manja. Kum'mawa nsonga ya Cribyn imayera mbee, kumunsi tauni ya Brecon ili m'minda yobiriwirabe. Zala zikayamba kuluma, ndimalimbitsa zingwe za jombo n'kuyamba kutsika.