Mmene mungalondolere komwe mawu oti kuseka anachokera mu Chipwitikizi ndi abale ake

Ife a pa Lizulu Chipwitikizi sitichita kuchifuna patali, kungodumpha msewu wa M1 basi muli ku Mozambique, ndiye mawu ngati rir, amene ndi kuseka, timawamva ndithu pogula kachewere kwa anzathu a tsidya. Kamawu kakafupi chonchi kali ndi kwawo, ndipo mutha kukalondola nokha, zimangofuna kope, bolopeni ndi kabandulo kotsegulira Wiktionary, dikishonale ya pa intaneti.

Yambani ndi kundanda abale onse pa tsamba limodzi. Chipwitikizi rir, Chisipanishi reír, Chifalansa rire, Chikatalani riure, Chitaliyana ridere, Chiromaniya râde. Onsewa ndi ana a bere limodzi, mayi wawo ndi Chilatini cha ku Rome, chomwe chija agogo athu ankachimva pa misa ku Bembeke ndi ku Mua. Mukatero yang'anani wamtali pa onsewo, poti nthawi zambiri mawu akamakalamba amaguluka zilembo ngati mano. Apa wamtali ndi ridere, ndipo mu Chilatini momwemo ndi ridere yemweyo.

Tsono apa ndi pamene ambiri amapupuluma, amangoti aa d anagwa basi nkutseka kope. Ayi, muyeseni d ameneyo pa mawu ena muone ngati ndi khalidwe lake. Tengani credere wa Chilatini, kukhulupirira, ku Italy akadali credere, ku Romania crede, koma ku Spain ndi creer, ku Portugal crer, ku France croire. Tenganinso videre, kuona, mupeza vedere ndi vedea uku, kwinaku ver, ver, voir. Mwaonatu, amene anataya d mu kuseka ndi omwewonso anamutaya mu kuona ndi kukhulupirira, d wa pakati pa mavawelo kwawoko sanalimbe. Umenewo ndiye umboni, osati kungofanana nkhope.

Musaiwale kutsegula ka sipika mumve katchulidwe, chifukwa Chilatini cha m'mabuku chinkatsindika pakati, ri-DE-re, pomwe Mtaliyana amati RI-dere, kusonyeza kuti anthu wamba anali atasuntha kale kutsindikako, ndipo rire, riure ndi râde anatsata njira imeneyo.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri ndi kumwetulira. Aroma anangoika sub, kutanthauza pansi, kutsogolo kwa ridere, ngati kunena kuti kuseka chapansipansi, ndiye lembani mzere wina: sorrir, sonreír, sourire, sorridere, surâde.

Chenjerani ndi msampha umodzi. Mu Chitaliyana riso ndi phwete komanso riso ndi mpunga, koma awiriwa si pachibale olo pang'ono, woyambayo ndi wa risus wa Chilatini, wa mpungayo anadzera ku oryza wa Chigiriki.

Mukazolowera yesani njira yomweyi pa zathu. Ife timati kuseka, Ashona kuseka, Aswahili kucheka, Azulu ukuhleka, ndipo kucheka kwa Mswahiliko musakusokoneze ndi kucheka kwathu kwa matabwa. Ngati kwanu ku Ntcheu kuli gogo amene akukumbukirabe Chingoni, m'bale wake wa Chizulu, khalani nawo pakhonde muwafunse mmene makolo awo ankanenera kuseka, mutchere khutu pa hl paja, mulembe mu kope momwe atchulire.